Woyezetsa utsi wa galimoto ndi wogulitsa, musamulandire ntchito yake

Abale a kuno ku California, makamaka inu amene mukusaka galimoto yanu yoyamba pa Facebook Marketplace kapena Craigslist, tamvani izi. Mwagwirizana mtengo, ndalama zili m'manja, ndiye mwini galimoto akuti, "Za smog check mukapanga nokha, ndakuchotserani kale pamtengo." Bwezani ndalama zanu m'thumba.

Lamulo la kuno, Vehicle Code gawo 24007, likuti wogulitsa ndiye ayenera kupatsa wogula satifiketi yosonyeza kuti galimoto yakhoza mayeso a utsi (smog check), ndipo isakhale yopitirira masiku 90. Ena amalemba "as is" (kutanthauza kuti mwaigula momwe ililimo) papepala n'kumaganiza kuti athana nazo. Mawu amenewo angamuteteze giyabokosi ikafa mawa, koma udindo wa utsi sauchoka pamutu pake.

Ine ndikuti lamuloli lili bwino, ndipo sindimvera chisoni ogulitsa amene amadandaula nalo. Amene wakhala ndi galimoto zaka zisanu amaidziwa kuposa munthu amene wangoiyendetsa kuzungulira pa msewu kamodzi. Kuyezetsako si kodula. Ndiye wina akamakana, dzifunseni kuti akuopa chiyani. Nthawi zambiri chimakhala catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi wa galimoto) yomwe yatha, ndipo kuno simungoika iliyonse, imafunika yovomerezeka ndi CARB (bungwe la boma la California loona za ukhondo wa mpweya), yomwe mtengo wake nthawi zina umafanana ndi wa galimoto yakaleyo. Popanda satifiketi, a DMV (ofesi ya boma yolembetsa magalimoto) sakulembani kuti galimoto ndi yanu. Muli ndi masiku 10 okha oti mukasinthe umwini, koma galimoto ili phee panja.

Chinyengo china n'chochotsa batire kuti kanyali ka check engine kazime wogula asanafike. Kanyaliko kamazimadi, koma kompyuta ya galimoto imafufutanso zonse zomwe inadziyeza. Magalimoto a 2000 kupita mtsogolo amawayeza polumikiza makina ku kompyutayo, ndiye ikapezeka kuti sinamalize kudziyeza, galimoto siikhoza. Mukayenda nayo masiku angapo, kanyali kaja kabwerera.

Alipo magalimoto omwe lamuloli siliwakhudza: a petulo a 1975 kubwerera m'mbuyo, amagetsi okhaokha, ndi amene sanapitirire zaka zinayi, pomwe wogula amangolipira kandalama kochepa ku DMV. Kupatsana pachibale nakonso sikufuna mayeso, koma chibale chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wako, makolo, ana, agogo, zidzukulu ndi obadwa nawo. "Achimwene" a kutchalitchi kapena amene munakumana nawo pa chikondwerero cha 6 July sali m'gulumo ayi. Ndipo apa mpamene ambiri timagwera, chifukwa timachita manyazi kufunsa pepala kwa munthu wolankhula chilankhulo chathu.

Ngati munagula kale ndipo galimoto yalephera, musathamangire kukonzetsa mwakachetechete. Sungani lipoti la kolephera, mameseji onse, ndi pepala la makaniko lonena mtengo wokonzera, mumulembere wogulitsayo kuti akonze kapena akubwezereni ndalama. Akakana, khothi la milandu ing'onoing'ono limalandira madandaulo mpaka madola 12,500 ndipo simufuna loya. Kungoti kupambana mlandu n'kwina, kutolera ndalamazo kwa munthu amene wasintha kale nambala ya foni n'kwinanso.