Ku Joni amakufunsa kuti iwe unachitapo chani, kuno timangoombera m'manja ma citation

Ine zoponya screenshot ya Google Scholar, tsamba losonyeza mapepala a kafukufuku a munthu ndi kangati ena awatchula (ma citation), zanditopetsa. Sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp mkulu wina waponya yake, h-index yadutsa 20, anthu mpaka "Prof wathu", "mwatiimilira bwana". Ndinakatsegula mapepalawo. Pafupifupi onse dzina lake lili pakatikati pa mayina khumi ndi angapo, woyamba mzungu wa ku Liverpool, womaliza mzungu wa ku America, pepala loti analitsogolera yekha kulisaka ngati ndalama yogwera mu mchenga.

Vuto la h-index ndi lomweli. Jorge Hirsch anayiyambitsa mu 2005, ndipo 20 ikungotanthauza kuti uli ndi mapepala 20 omwe lililonse anthu alitchula ka 20 kapena kuposa. Siyifunsa ngati funso la kafukufuku linachokera m'mutu mwako kapena unangosainira chilolezo choti atenge magazi pa ward yako.

Ndiye taonani anzathu ku South Africa. Kumeneko ukafuna kudziwika kuti ndiwe katswiri umapita ku NRF, bungwe la boma loona za kafukufuku, kukapempha rating. Umasankha ntchito zako zabwino kwambiri zisanu za zaka 8 zapitazi, ndipo ngati munalemba ambiri ufotokoze kuti iweyo gawo lako linali liti. Amazitumiza kwa akatswiri a phunziro lomwelo, ena akunja, aziwerengedi, kenako akupatse A (yapamwamba kwambiri), B kapena C, achinyamata P kapena Y, ndipo pakatha zaka 6 umabwereranso pa sikelo. Palibe zoti ndinatchuka kale. Munthu wobisala pakati pa mayina kumeneko amayaluka masana dzuwa likuswa mtengo.

Koma ndisawakometsere kwambiri, nawonso ali ndi matenda awo. Boma lawo limalipira yunivesite pa pepala lililonse lotuluka mu journal yovomerezeka, ndalama zopitirira R100,000, ndipo mayunivesite ena amadulirako wolemba. Zotsatira zake kafukufuku mmodzi kumuduladula atuluke mapepala atatu. Johann Mouton ndi mnzake ku Stellenbosch mu 2017 anapeza mapepala oposa 4,000 a ku South Africa omwe anatuluka m'ma journal achinyengo pakati pa 2005 ndi 2014. Komanso ndalama ija imagawidwa malinga ndi chiwerengero cha olemba, gawo la wakunja silibwera, ndiye kuika Mmalawi pa pepala kwa iwo ndi loss. Pamenepo ife tawaposa, kugwira ntchito limodzi ndi ena timatha.

Ndipo ntchito ya pano si yamasewera ayi. Blantyre Coma Scale yoyezera ana okomoka ndi malungo, madokotala maiko ambiri amagwiritsa ntchito, inabadwira pa Queens pomwepa. Katemera wa typhoid anamuyesa pa ana pafupifupi 28,000 ku Blantyre zotsatira nkutuluka mu New England Journal of Medicine mu 2021. Ma citation akugwa ngati mvula, koma namwino amene ankayenda mu Ndirande kutsata ana aja pa Scopus, nkhokwe ya mapepala a kafukufuku ndi olemba ake, simumupeza, ndipo mwa omwe mumawapeza simungasiyanitse amene anaganiza ndi amene anangokwera nawo.

Zambia? Ndi ife tomwe, za umoyo ndi ndalama za ma donor ndi zomwe zikukoka manambala, mabungwe a kafukufuku wa zaumoyo ngati CIDRZ ndi Zambart uko, MLW ndi UNC Project kuno.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi amene ali kunja kwa zachipatala. Munthu wathera moyo wake pa galamala ya Chichewa kapena Chitumbuka, kaya pa mbiri ya Shire Highlands, omutchula dziko lonse lapansi mwina ndi anthu 30, ndiye mukumuika pa sikelo imodzi ndi wa HIV amene pepala limodzi limatchulidwa ka 1,000. Ku NRF wa zilankhulo amaweruzidwa ndi anzake a zilankhulo, atha kutenga A bwinobwino. Kuno pa gulu lija amangokhala chete, ena akuponya ma screenshot.

NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku, tili nayo ku Lilongwe. Ingotengera zoti munthu abweretse mapepala asanu afotokoze zomwe anachita yekha, za kulipira pa pepala asiyire eni ake a ku Joni.