Galimoto anandiphwanyira wina, koma ondiliza ndi a inshuwalansi

Ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kuti nonse a ku Chinamwali ndi ku Matawale amene mukufunsa chifukwa chake ndabwera pa basi mumvere limodzi. Galimoto ija kulibe. Inaphwanyika ku Johannesburg, wina atandiomba kumbuyo nditaima pa maloboti. Mulungu anandisunga, ndinangotuluka ndi khosi lopweteka. Chimene chikundisowetsa tulo mpaka lero ndi zomwe a kampani ya inshuwalansi akundichita.

Kuno kwathu galimoto yopanda inshuwalansi apolisi a pamsewu sailekerera. Ku Joni lamulo silikakamiza, moti galimoto zambirimbiri zimayenda chonchobe, ndipo amene anandiombayo anali mmodzi wa iwo. Kuli thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund, lomwe ndalama zake amadula pa mafuta, koma limalipira kuvulala ndi imfa za anthu basi, za chitsulo silikhudzako. Choncho ndinadalira inshuwalansi yangayanga, yomwe ndakhala ndikulipira mwezi ndi mwezi osadumphitsa. Ngakhale miyezi ija ndinkachepetsa ndalama zotumiza kwa amayi ku Jali, iwo ankadula zawo zonse tsiku lake likakwana.

Zonse zofunika ndinachita. Ku polisi ndinakanena maola 24 asanathe monga lamulo lakumeneko limanenera, nambala ya lipoti ndinatenga, zithunzi ndinajambula. A inshuwalansi anatumiza assessor wawo, munthu woyeza kuonongeka kwa galimoto ndi mtengo wake, kukaona galimotoyo ine kulibe, kenako kalata inafika yoti ndi write-off, kutanthauza kuti kuikonza kungadye ndalama zoyandikira mtengo wake. Makampani ambiri malire awo amakhala cha pa 70 peresenti ya mtengowo. Pamenepo sindinatsutse, chifukwa ndinaiona ndi maso anga mmene inapindikira.

Mkangano uli pa mtengo. Toyota Corolla Quest ya 2018 iwo akuti ndi R142,000. Achotsepo excess, ndalama ija mwini galimoto amayamba walipira yekha pa ngozi iliyonse, R8,000, ndiye patsala R134,000. Ndalamazo sizibwera m'manja mwanga ayi, zipita ku banki komwe ndili ndi ngongole ya R150,000 ya galimoto yomweyo. Werengani nokha abale anga. Galimoto ndilibe, ndalama ndilibe, ngongole yatsala. Pamene galimoto zofanana ndi yanga, chaka chomwecho, makilomita oyandikana, ogulitsa akuzitcha R175,000 kupita m'mwamba. Ndikaigula kuti ya R134,000?

Amene muli ndi maganizo opita kumeneko mvetsetsani apa. Galimoto imodzi amaipatsa mitengo itatu. Pali retail, womwe wogulitsa galimoto angakutchajeni inu. Pali trade, womwe iyeyo angakupatseni mukamugulitsa yanu, ndipo ndi wotsika. Pali market, womwe uli pakati pa iwiriyi. Mitengoyi amaitenga m'buku la TransUnion lomwe ogulitsa galimoto ndi a inshuwalansi onse amagwiritsa ntchito. Pepala langa la mgwirizano likunena retail, zolembedwa poyera. Bukulo ndilibe nalo mlandu. Mlandu uli pa zomwe anachita atalitsegula: anayamba kubudula. Akuti galimoto yanga sinali yosamalika bwino, akuti inali ndi zokalika zakale, akuti mipando inali yotha. Munthu amene waiona koyamba itaphwanyika kale, itakhala pa fumbi pabwalo la ma breakdown, akudziwa bwanji mmene inalili dzulo lake? Buku la service lili ndi zidindo zonse. Matayala anayi anali atsopano, malisiti ndili nawo. Lamlungu lililonse ndikaweruka ku tchalitchi ndinkaitsuka ndekha. Palibe anandifunsa chilichonse mwa zimenezi. Ndipo musaiwale, chophwanyikacho amatenga ndi iwo n'kukachigulitsa pa okushoni, ndalama n'kulowa m'thumba mwawo.

Chondiwawa kwambiri ndi mayankhulidwe. Ukaimba foni, akangomva lilime lako, akangofunsa nambala ya ID iwe n'kupereka ya pasipoti, mawu amasintha. Amakuyankha ngati wabwera kudzapempha, ngati ndalama zomwe unkalipira zinali zosiyana ndi za eni dziko. Amadziwa kuti mlendo amaopa ofesi. Amadziwa kuti ambiri a ife mtima umakhala uli m'mwamba ndi nkhani ya mapepala, ndipo timakonda kungolandira chomwe tapatsidwa kuti dzina lathu lisamveke. Fomu yovomereza mtengo ananditumizira msangamsanga, n'kumandiimbira kuti ndisayine ndalama zituluke. Galimoto yobwereka yomwe anandipatsa anailanda nthawi yake itatha, ine n'kubwerera kodzuka kusanache kukaima pa mzere wa ma taxi kuti ndikafike ku ntchito ku Midrand. Amayembekezera kuti utope.

Sindinasayine. Ndinawalembera kalata, osati foni, chifukwa za pafoni amakana mawa lake. Ndinapempha lipoti la assessor lonse komanso mmene anawerengera. Ndinasonkhanitsa zotsatsa malonda za galimoto zofanana ndi yanga pa intaneti, ndinajambula buku la service ndi malisiti, ndinatenganso kalata kwa wogulitsa galimoto wina yonena mtengo womwe akanaigulitsira. Malamulo akumeneko amapereka masiku osachepera 90 oti munthu atsutse chigamulo cha kampani, koma zimenezo amazilemba m'munsi mwa kalata ndi timalemba ting'onoting'ono. Atalandira mapepala angawo anawonjezera R9,000. Izi zinandipsetsa mtima kuposa poyamba. Ngati ndalamazo zinali zanga, ankazibisiranji? Ndi Amalawi angati asayina mtengo woyamba uja osadziwa kuti pali zina zotsala?

Pano nkhaniyi ndaipititsa ku National Financial Ombud Scheme, ofesi yomva madandaulo a anthu pa makampani ngati a inshuwalansi, yomwe kuyambira mwezi wa Marichi 2024 inatenga ntchito ya Ombudsman for Short-Term Insurance. Kudandaula kumeneko ndi kwaulere, sikufuna loya. Inu a ku Rosettenville ndi ku Turffontein amene mumawerenga zanga, uzanani zimenezi.

Dzana a malume anandiitana ku Jali. Anandiuza modekha kuti, "Mphwanga, kwa eni kulibe mkuwe, ingolandira zomwe akupatsazo ntchito yako isaonongeke." Ndikudziwa akunena chifukwa cha chikondi, ndipo ndinawayankha mwaulemu. Koma a malume, ndalama zomwe akundibudulazo ndi feteleza wa amayi chaka chino. Ndi malata a nyumba ija ya ku Matawale yomwe yaima pa mawindo, mvula ikuyandikira. Ndinazigwirira ntchito m'nyengo yozizira ya ku Joni, zala zitauma. Kuno anthu amaona ngati tikatsika basi pa Park Station ku Joni ndalama timangotola, ndipo ena mwandikwiyira kale kuti sindinakubweretsereni foni. Pepani, ulendo uno ndabwera chimanjamanja.

Sabata yamawa ndikwera basi kubwerera. Pa 1 banki idulanso ngongole ya galimoto yomwe kulibe, ndipo fomu yawo ija sindisayina mpaka a ombud atayankha.