Chaka cha pa botolo ku Jura n'chofunika

Mwalemba bwino za vinyo wa ku Jura, dera la kum'mawa kwa France kufupi ndi malire a Switzerland. Koma pamene mwanena kuti chaka cholembedwa pa botolo, chomwe mphesa zake zinakololedwa, sichitanthauza zambiri, pamenepo ndiye ndakana. Kumeneko nyengo siipanganika. Mu Epulo 2021 chisanu chinapsereza mphukira za mphesa, alimi ambiri n'kukolola zochepa zedi.

Tatengani Château-Chalon, mudzi wa ku Jura komweko womwe vinyo wake amatchedwa ndi dzina lomwelo. Chaka chikaipa, alimi akumeneko amagwirizana kuti vinyo wa chaka chimenecho asagulitsidwe ndi dzina limeneli. Zinachitika mu 1974, 1980, 1984 ndi 2001. Ndi alimi angati angalolere kuluza ndalama chonchi pofuna kusunga mbiri ya mudzi wawo?

Komanso mwangodutsa pa vinyo wawo wachikasu uja wa mphesa za Savagnin. Amadikira zaka 6 ndi miyezi 3 asanamuike m'botolo, ndipo nthawi yaikulu amakhala mumgolo osawonjezeramo wina ngakhale akuphwa. Botolo lakenso n'lapadera, la mamililita 620 osati 750 ngati mabotolo ena a vinyo. Fungo lake limapita ku mtedza. Ine tsiku loyamba ndinangoti wasasa, ndinatsala pang'ono kumubweza kwa wogulitsa.