Mwana wayankha zoona, inu mukumupatsa ziro chifukwa cha Chingerezi?

Ndakhala ndikuzisunga mumtima kuyambira Lachisanu koma zandikanika, ndilankhule basi. Ndinapita kukaonera kwizi ya masukulu a pulayimale a m'zoni yathu. Sukulu sinditchula, aphunzitsinso sindiwatchula, nkhani yanga si munthu mmodzi. Funso linagwera kamtsikana ka sitandade 7, ati n'chifukwa chiyani mlimi amabzala mtedza kapena soya pamunda pomwe chaka chatha panali chimanga. Anafunsa m'Chingerezi ndipo mwana analimva bwinobwino, umachita kuona pankhope kuti yankho ali nalo. Anayamba m'Chingerezi, mawu awiri atatu, lilime n'kukana. Anakhala kaye chete atagwira m'mphepete mwa desiki, kenako anangomasuka m'Chichewa. Anati mukazula mtedza mumaona timibulu tating'onoting'ono pa mizu, timeneto ndi timene timabwezera chonde m'nthaka, nde chaka chinacho chimanga chimabereka olo feteleza achepe, komanso mukamasinthasintha mbewu kaufiti amachepa m'munda. Abale, mwana wa sitandade 7 kufotokoza mpaka za kaufiti!

Ofunsa mafunso anangoti "Speak English", belu ngwee, ziro. Holo yonse kuseka, ndi akuluakulu omwe ovala mataye kutsogoloko kuseka nawo. Funso linapita mbali inayo, mnyamata anatchula mawu anayi oloweza m'notsi, anthu m'manja phwaphwaphwa, malikisi onse. Mnyamatayo ndilibe naye mlandu, anachita zomwe anamuphunzitsa. Koma tinene zoona, pa ana awiriwa amene amadziwa nkhani ya mtedza ndi ndani?

Chimene chandikwiyitsa n'chakuti pachikwangwani analemba kuti gawo limenelo linali loyesa zinthu zomwe ana akudziwa. Gawo la Chingerezi linali litadutsa kale, masipelo, galamala, zonse zinatha ndipo malikisi ake anaperekedwa. Nde Chingerezi chomwecho chabweranso bwanji kudzagamula funso la ulimi? Ngati mukuyesa Chingerezi nenani kuti tikuyesa Chingerezi, mwana akonzekere zimenezo. Ngati mukuyesa nzeru yesani nzeru. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwatenga mayeso awiri mwawapanikiza pamodzi, pamapeto simukudziwa kuti mwana walephera chani, ndipo mwanayo akupita kwawo akukhulupirira kuti ndi mbuli pomwe yankho lake linali lokhoza kuposa la wina aliyense m'holomo.

Kusadziwa Chingerezi si umbuli. Ndibwerezenso, kusadziwa Chingerezi si umbuli. Ndipo kulankhula Chingerezi chothamanga si nzeru. Tonse tikuwadziwa anthu olankhula Chingerezi chapamphuno koma ukawapatsa ntchito yoti aganize, palibe chotuluka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Musandimve molakwa ngati ndikuti ana asaphunzire Chingerezi. Aphunzire, achidziwe mpaka achilote kumene. Mabuku a udokotala ali m'Chingerezi, intaneti yadzaza Chingerezi, olo Malamulo oyendetsera dziko lino pa gawo 51 amati munthu wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Khomo limenelo sitingalithawe ndipo mwana wanga ndimamukakamiza kuwerenga tsiku lililonse. Chomwe ndikukana ine n'kutenga chilankhulo chimodzi n'kuchisandutsa sikelo yoyezera mutu wonse wa mwana.

Zimene zinachitika m'holo muja si zachilendo, ndi mmene dongosolo lathu lonse lamayeso lilili, kungoti pamenepo zinachitikira pagulu. Taonani MSCE. Kuti MANEB ikupatse satifiketi uyenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi ndipo Chingerezi chikhalepo. Upeze 1 masamu, 2 fizikisi, 2 bayoloje, 1 agirikacha, koma Chingerezi upeze 9, satifiketi palibe. Zaka zinayi za sekondale, fizi yomwe makolo anagulitsira mbuzi ndi matumba a chimanga, zonse zagwera pa phunziro limodzi. Ku mayunivesite a boma ndiye amafuna kirediti ya Chingerezi, kutanthauza kuyambira 1 mpaka 6, 7 kapena 8 sakuwerengera. Mwana woti akanakhala injiniya wabwino akukagulitsa mayunitsi pamsika, osati chifukwa masamu anamukanika ayi, koma kompozishoni ndi samale. Ndipo tisaiwale kuti masamu omwewo, fizikisi yomweyo, analemba m'Chingerezi n'kukhoza. Ndiye kuti Chingerezi chogwirira ntchito ali nacho. Nanga tikumulangiranji?

Ku pulayimale n'chimodzimodzi. Mayeso a sitandade 8 onse kupatula pepala la Chichewa amabwera m'Chingerezi. Mwana wa kumudzi amayenera kulimbana kaye ndi chilankhulo cha funso asanayambe kulimbana ndi funso lenilenilo, pomwe mnzake wa ku pulaiveti m'tauni amene wakula akuonera makatuni a Chingerezi akungowerenga kamodzi n'kuyamba kulemba. Nthawi ndi imodzi, pepala ndi limodzi, kenako timati tayesa mofanana. Mofanana pati? Ndiye muganizirenso mwana wa ku Karonga, ku Mangochi, ku Nsanje kapena ku Rumphi amene kwawo amalankhula Chinkhonde, Chiyao, Chisena, Chitumbuka, kwa iyeyo olo Chichewa chimene n'chachiwiri, Chingerezi n'chachitatu. Mwana wa zaka 13 wasenza zilankhulo zitatu m'mutu, ife akuluakulu a chilankhulo chimodzi ndi theka n'kumamuseka kuti ndi wofooka.

Zifukwa zake aliyense akuzidziwa, sindichedwapo. Kuchokera 1994 pomwe pulayimale inakhala yaulere makalasi anasefukira, mphunzitsi mmodzi ana oposa 100 m'masukulu ambiri, buku limodzi ana kuunjikirana, ena pansi pa mtengo. Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 1, ngati kuti kulengeza kokha kumabweretsa mabuku. Mwana sitinamupatse Chingerezicho mokwanira, koma tsiku la mayeso timachifuna chonse chathunthu. Mukufuna kukolola pomwe simunabzale.

Tili ndi chitsanzo chomwe dziko lonse lapansi likuchidziwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Chingerezi chake chinali chochepa, mabuku a sayansi a mulaibulale ankawamva kwambiri poyang'ana zithunzi ndi zojambula, koma anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga. Chingerezi anadzachiphunzira bwino pambuyo pake mpaka anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Nzeru zinayamba, chilankhulo chinatsatira. Akanakhala pa desiki ija Lachisanu ali ndi zaka 14, belu lija likanamulirira iyenso ndipo holo ikanamuseka. Ndi a Kamkwamba angati amene tawakhazika pansi ndi belu limeneli? Iyeyo anachita mwayi anthu anamuona, enawo ali m'midzimu akungodziwika kuti analephera sukulu.

Ndiye mafunso enawo a m'gawo lomwelo, aaa. Likulu la dziko lakutilakuti ku Ulaya ndi chani, mtsinje wautali kwambiri padziko lapansi ndi uti, ana kumangolavula mayina oloweza usiku. Kudziwa zakunja n'kwabwino sindikukana. Koma palibe amene anafunsa kuti John Chilembwe anaukiranji atsamunda mu 1915, palibe anafunsa kuti pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay kunachitika zotani kuti mpaka lero tizikumbukira tsikuli, kapena kuti pa 14 Juni 1993 makolo awo anakavotera chani. Palibe anafunsa chifukwa chomwe magetsi amavutira madzi akachepa mu Shire, pomwe malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi womwewo. Mafunso otere amafuna mwana afotokoze, ndipo akafuna kufotokoza amathawira ku chilankhulo chomwe amaganizira, nde okonza kwizi amawapewa dala, amasankha mafunso a yankho la liwu limodzi kuti Chingerezi chisavute. Mwaona mmene zikuyendera? Chifukwa choopa Chichewa tasiya kufunsa mafunso ofuna kuganiza. Tikulera ana oloweza, kenako timadabwa kuti omaliza sukulu satha kuthetsa mavuto.

Chikanavuta n'chani kunena kuti mwanawe wakhoza, tenga malikisi ako, tsopano tiye tiyesere limodzi kunena zomwezo m'Chingerezi? Mphindi imodzi yokha. Mwana akanapita kwawo ndi zinthu ziwiri, ulemu wake ndi mawu atsopano a Chingerezi, ndipo holo yonse ikanaphunzirapo za timibulu ta pa mizu ya mtedza. M'malo mwake anaphunzira chinthu chimodzi, kuti ukapanda kutsimikiza Chingerezi chako tseka pakamwa. Ndipo anatsekadi. Mafunso onse otsatira sanakwezenso dzanja, anangoyang'ana pansi mpaka kwizi kutha, anzake akumugunyuza ndi chigongono iye osatembenuka n'komwe. Mphunzitsi aliyense akuuzani kuti chilankhulo munthu amachidziwa pochilankhula ndi kulakwitsa, nde mwana amene mwamuchititsa manyazi pagulu adzayesanso liti? Mwapha nzeru zake, mwaphanso Chingerezi chomwe mumati mukuteteza.

Inu akuluakulu amene munaseka, ndinu amene mwandipweteka kwambiri. Ana kuseka ndi ana. Koma munthu wamkulu, kholo, woti pamaliro, kutchalitchi, kumsika, kunyumba kwako umalankhula Chichewa tsiku lonse, ukuseka mwana chifukwa walankhula chilankhulo cha mayi ako? Andale akafuna mavoti amabwera m'Chichewa, alangizi a zaumoyo akafuna uthenga wa kolera umveke amaunena m'Chichewa, makampani a foni akafuna ndalama zathu amatsatsa m'Chichewa. Chichewa chimakhala chabwino pamene mukufuna kanthu kwa ife, chimaipa pamene mwana akufuna malikisi.

Ndipo poti ndayamba kale, palinso khalidwe ili lomwe likuchitikabe m'masukulu ena, lolanga ana akapezeka akulankhula chilankhulo chakwawo pa bwalo la sukulu. Kwina amamuveka mwana chikatoni m'khosi azizungulira nacho mpaka apeze mnzake woti amupatsire, ndiye kuti mwasandutsa ana akazitape, aliyense kutchera khutu kuti agwire mnzake m'malo mosewera. Kwina amalipiritsa ndalama, makolo osadziwa n'komwe kuti ndalamazo zimapita kuti, lisiti palibe. Kwina amamupatsa chikwakwa akatchetche udzu nthawi ya kalasi, ndipo nthawi zina piriyodi yomwe akuphonyayo ndi ya Chingerezi chomwecho. Makomiti a makolo mumakhala mukukambirana chani pa misonkhano yanu ija? Nkhani imangokhala ya ndalama ya chitukuko ndi ya mlonda basi.