Alimi a lac ku Jharkhand akugwa pa mbewu ndi pa sikelo

Lac ndi utomoni umene kachilombo kotchedwa Kerria lacca kamatulutsa kakamayamwa madzi a m'nthambi. Ukayengedwa ndiwo shellac wa mu polishi wa mipando, wokutiranso mapiritsi ndi zipatso. Chigawo cha Jharkhand ndicho chimatsogola pa ulimi wa lac ku India, ndipo alimi ambiri ndi a mitundu ya Munda ndi Oraon a ku Khunti, Simdega ndi Gumla. Amawetera pa mitengo ya kusum, palas ndi ber. Ber ndi masau omwewa a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Ine ndimati vuto lalikulu lili pa mbewu. Mbewu yake ndi nthambi zodzaza tizilombo tatikazi tomwe ana ake ali pafupi kutuluka. Mlimi amazimanga timitolo pa mtengo womwe anausadzira kale kuti uphuke nthambi zanthete. Kusum amausadzira kukali miyezi 18. Ana akatuluka n'kukhazikika, pakatha pafupifupi masabata atatu timitoloti tichotsedwe, chifukwa ndimo mumabisala mbozi za gulugufe wa Eublemma amabilis zomwe zimaboola utomoni n'kudya tizilombo. Kathumba koikamo timitoloti, ka neti ya nayiloni ya timabowo ting'onoting'ono (60 mesh), kamalola ana kudutsa koma kamatsekera agulugufe m'kati. Kathumbako ndi kotchipa, koma kumidzi yambiri sikafika.

Mbewuyi sisungika. Ana akayamba kutuluka, mawa si tsiku. Ndiye dzuwa la mu April ndi May likapha tizilombo pa palas, mu July mlimi alibe choika pamtengo, amagula mbewu kutali modula, ina n'kufera m'njira.

Pamsika ndipo pamawawa. Utomoni wongopala kumene ku nthambi ukaunjikidwa umagwirana n'kukhala chibuma, choncho umafunika kuuyala pamthunzi n'kumautembenuza. Wopanda poyala ndiponso wosowa ndalama amathamangira nawo kwa venda pa tsiku la msika, venda n'kudula makilo ati muli zitsotso ndi chinyontho. Boma la India linaika mtengo woyambira wa lac, koma mtengo wa papepala suthandiza ngati wogula wa boma safika pamudzi nthawi yokolola.

Makopaletivu akhale ndi mitengo yawoyawo yosungira mbewu, sikelo yawo, ndi kamakina kophwanyira. Kuphwanya, kusefa, kutsuka, kuyanika ndi kupeta ndi ntchito yotheka pamudzi, ndipo lac wotsukayo amasungika bwino kuposa wongopala, moti mlimi angathe kudikira mtengo ukwere.