Womwalira alibe pakamwa, ndiye mwati asenze zonse?

Ndatopa nawo mawu akuti "oyendetsa ndege analakwitsa, nyengo inali yoipa, basi." Lero ndawamvanso kwa bambo wina pamzere wa kubanki, akuyankhula ngati iyeyo analimo m'ndegemo, eti nkhani ya ku Chikangawa inatha kalekale, anthu asiye kuvuta. Bambo inu, inatha bwanji? Inatha chifukwa amene mukuwaloza chalawo ali m'manda ndipo sangakuyankheni?

Tikumbutsane. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Munali Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko a Saulos Chilima, mayi Shanil Dzimbiri ndi ena, onse pamodzi anthu 9, ulendo wa kumaliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Sanafike. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, palibe anapulumuka.

Musandimve molakwa, sindikunena za chiwembu ine. Komiti yofufuza za ngoziyi ya Jaji Jabbar Alide inati sinapeze umboni wa chiwembu, ndipo akatswiri a ku Germany a bungwe lofufuza ngozi za ndege la BFU anati oyendetsa anapitiriza ulendo akuuluka m'munsi nyengo isali bwino. Chabwino, ndamva. Munthu amalakwitsa. Koma bwanji mukuwerenga mzere umodzi wokhawo n'kutseka lipoti?

Akatswiri omwewo anapeza kuti ndegeyo inalibe kabokosi kaja kojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege. Anapeza kuti zimene oyendetsa ankakambirana pawailesi ndi a ku Lilongwe sizinkajambulidwa. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri: kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa kuti ofufuza adziwe pomwe ili, batire lake linatha ntchito mu 2004. Mu 2004, abale anga! Chaka chimene a Bingu wa Mutharika ankalowa m'boma. Anabwera a Bingu, anabwera mayi Joyce Banda, a Peter Mutharika, a Lazarus Chakwera, batire lili lomwelo. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho anali atakwanitsa zaka 20, ena ali ndi ana awo kale.

Ndiye ndiuzeni, batire amagula ndi payiloti? Wosainira ndalama yokonzera ndege ndi payiloti? Amene amaona kuti ndege yopanda zipangizo zoterezi inyamule wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko ndi payiloti? Anthu amenewo alipo, ali moyo, amadzuka m'mawa, kumwa tiyi, kupita kuofesi. Koma mlandu wonse mwaukankhira kwa anthu atatu ovala yunifolomu amene anafera pantchito, chifukwa choti womwalira satsutsa. Manyazi mulibe?

Ena muziti batire silikanaletsa ndege kugwa. Inde. Koma dziko lonse linagona osadziwa kumene kuli ndegeyo, asilikali ndi anthu a m'midzi akusakasaka m'mitengo ya paini, mabanja ali maso usiku wonse pafoni. Zimenezo ndi zolakwa za oyendetsanso?

Nanga chifungacho. Mukuchinena ngati mlendo amene anangotulukira tsiku limenelo. Aliyense amene anadutsapo pa Chikangawa mwezi wa Juni amadziwa: masanasana galimoto zayatsa nyale, dalaivala akuyenda pang'onopang'ono khosi atalitalikitsa, kondakitala akupukuta galasi ndi nsanza, mtengo uli apa osauona. Mapiri a Viphya akhala akuphimbika choncho makolo athu asanabadwe. Chifunga chimabwera chaka chilichonse, nthawi yake yomweyo. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ife timapangana kutapsa kale, kenako n'kumati moto ndi wolakwa.

Ndipo akakuuzani kuti ndalama kunalibe, afunseni kuti za magalimoto atsopano a mabwana zimachokera kuti.

Kunena kuti "analakwitsa" n'kosavuta, sikudula kanthu. Palibe achotsedwe ntchito, palibe afunsidwe, palibe agule chilichonse. Mwanena mawu awiri, mwasamba m'manja, mwapita kwanu. Koma oyendetsa aja anasiya mabanja, abale awo amawerenga zimene mumalembazi. Akamva inu mukuti anthu awo ndiwo anapha anthu, osatchulako ngakhale kamodzi za ndege imene anawapatsa, mukuganiza amamva bwanji? Ngati mwaganiza zoloza chala, lozani onse, kuyambira amoyowo. Womwalirayo mumusiyire gawo lake lokha, osati kumusenzetsa ndi katundu wa anthu amene akudya nsima lero lino.

Khalidwe lake ndi lomwelinso pamsewu. Minibasi ikagubuduzika pa M1 timangomva kuti dalaivala amathamanga kwambiri. Mwina amathamangadi. Koma dzenje limene amalizemba lija lakhala pamenepo mvula zingati? Mizere ya pamsewu inafufutika liti? Zikwangwani zinazulidwa, palibe wabwezeretsa. Matayala osalala ngati chipumi anadutsa bwanji pamalodibuloko onse aja kuchokera ku Lilongwe? Amene anaiimitsa n'kuilola kupitirira ndani, ndipo anamupatsa zingati?