Njinga zingafanane, koma matupi amasiyana

Anthu awiri oyenda pa njinga za olumala akakumana pa depoti, ena amangoganiza kuti akudziwana kapena vuto lawo ndi limodzi. Ayi ndithu. Wovulala msana nthawi zambiri samva kukhudza kapena ululu kuyambira pomwe anavulalapo kutsika, ndiye amafunika khushoni yabwino komanso kudzinyamula pang'ono pakatha mphindi 15 mpaka 30, apo ayi amatuluka zilonda m'matako zomwe zikalowa matenda zimapha. Wodwala poliyo amamva bwinobwino. Ena amaimirira n'kuyenda mapazi angapo, sikuti akunamizira, mphamvu zimawathera msanga.

Ndipo chonde musamangokankha osafunsa. Timatayala takutsogolo tikatitimira mumchenga kapena m'dzenje, munthu amagwa chafufumimba. Funsani kaye, akalola pendeketsani njinga chakumbuyo, matayala aakulu awoloke okha.